Tifunseni: Mayeso a Kuimba Polowa Maphunziro a Mestrado

Mwezi uno talandira makalata anayi ochokera m'maboma osiyanasiyana a chigawo chino cha Tete, onse okhudza mayeso amene munthu amayesedwa akafuna kulowa maphunziro a zoimbaimba pa mlingo wa mestrado, digiri yachiwiri imene imabwera pambuyo pa licenciatura, yomwe ndi digiri yoyamba. Makalatawo tawafupikitsa, ndipo mayina a olemba tawasunga monga mwa mwambo wa tsamba lino.

FUNSO: Akonzi, ndine mphunzitsi pa sukulu ina ya sekondale kuno ku Ulónguè. Ndinamaliza licenciatura ya zoimbaimba pa Universidade Eduardo Mondlane ku Maputo, kumene ndinaphunzira kuimba ndi mawu a tenala, ndipo pano ndimatsogolera kwaya ya kumpingo kwathu. Ndikufuna kupitiriza maphunziro kunja kwa dziko lino, koma sukulu zimene ndafufuza zikuti ndiyambe ndatumiza vidiyo, kenako ndikaimbe pamaso pa aphunzitsi awo. Anzanga akuti ndisankhe nyimbo zovuta kwambiri za opera (masewero oimbidwa) kuti ndikawadabwitse. Kodi akunena zoona? Vuto lina ndi lakuti kuno kulibe wodziwa piyano woti n'kundiimbira. Ndine Mphunzitsi, Ulónguè.

YANKHO: Aphunzitsi, anzanuwo akukufunirani zabwino, koma malangizo awo musawatsate. Anthu atatu kapena asanu amene adzakhale kuseri kwa tebulo tsiku limenelo ndi akatswiri amene nyimbo iliyonse yomwe mungasankhe anaimva kambirimbiri, ena anaiimba okha pa nsanja zikuluzikulu, choncho palibe chimene mungawadabwitse nacho. Iwo amabwera ndi funso limodzi mumtima: kodi munthu uyu tingathe kumuphunzitsa kwa chaka chimodzi kapena ziwiri, n'kufika poti aime yekha pamaso pa anthu kwa ola lathunthu, monga mmene mayeso otsiriza a mestrado amafunira? Akusankha wophunzira woti adzikumana naye mlungu ndi mlungu, ndipo zonse zimene mukonzekere zichokere pa mfundo imeneyi.

Nyimbo imene ikukuposani msinkhu imaulula zofooka zanu zonse nthawi imodzi. Mawu akamayandikira noti ya pamwamba imene simunaizolowere, chibwano chimakwera, mitsempha ya m'khosi imatuluka, mapewa amanyamuka pokoka mpweya, ndipo ngakhale notiyo ituluke, mphunzitsi wa mawu waona kale kuti yatuluka mokakamiza. Kawirikawiri amakhala atadziwa zambiri za inu mizere iwiri yoyambirira isanathe. Chimene amatchera khutu ndi chakuti mawu akugwera pakati penipeni pa noti kapena akutsetserekera pansi, mpweya ukukwanira mzere wonse kapena ukudukira pakati pa liwu, ndiponso ngati mukudziwa tanthauzo la zimene mukuimba. Nyimbo yooneka yophweka ya Schubert, yoimbidwa mwaukhondo ndi munthu woimvetsa, imatsegula khomo limene nyimbo yaikulu ya Verdi yoimbidwa mopupuluma imatseka.

Sukulu iliyonse imalemba yokha mndandanda wa zimene ikufuna, ndipo mndandandawo muutsate monga mmene walembedwera, osachotsa kapena kuwonjezera. Kwa oimba ndi mawu, nthawi zambiri amafuna nyimbo zingapo za nyengo zosiyana ndi zinenero zosiyana: imodzi ya opera kapena ya oratorio (nyimbo zazitali zosimba nkhani, kawirikawiri za m'Baibulo), monga za Handel kapena Mozart, ina ya Chijeremani, ina ya Chifalansa, mwinanso ya Chingerezi, zonse zoimbidwa pamtima. Pa zinenerozi ife tili ndi mwayi komanso msampha. Mavawelo athu asanu ndi oyera ndiponso otseguka, zimene zimathandiza kwambiri pa Chitaliyana, ndipo Chipwitikizi chinatizoloweza kale mawu otulukira m'mphuno amene ambiri amavutika nawo pa Chifalansa. Koma lilime lathu silisiyanitsa kwenikweni l ndi r, ndipo limakonda kuika vawelo kumapeto kwa liwu lililonse, pamene mawu ambiri a Chijeremani amathera pa makonsonanti awiri kapena atatu ounjikana. Dzijambuleni mukungolankhula mawu a nyimboyo popanda kuimba, mumvetsere, muyerekeze ndi mmene eni chinenero amatchulira, ndipo muchite zimenezi mpaka vawelo yowonjezerayo itasowa. Ngati mndandanda ukulola nyimbo imodzi yosankha nokha, pamenepo mutha kuikapo ya Chichewa yolembedwa bwino pa manoti, ndipo ife tikuona kuti n'chinthu choyenera kuchita, chifukwa pa nyimbo imeneyo palibe wina mwa opikisana nanu amene angakuposeni.

Tsopano za vidiyo. Lamulo lofala ndi lakuti nyimbo iliyonse ijambulidwe ulendo umodzi, kuyambira poyamba mpaka pomaliza, popanda kudula, kulumikiza kapena kukometsa mawu ndi makina, ndipo amene wagwidwa atachita zimenezi amachotsedwa pa mndandanda. Foni yabwino ndi yokwanira. Muiike chopingasa pa chinthu chosagwedera, pa mtunda wa mamita atatu kapena anayi, kuti thupi lanu lioneke kuyambira kumutu mpaka m'mawondo, popeza oyesa amafuna kuona kaimidwe ndi kapumidwe kanu. Tchalitchi chopanda anthu chimabweza mawu kwambiri moti matchulidwe amasokonekera, choncho yesani malo angapo m'katimo, kapena pemphani a kwaya ochepa akhale chete pa mabenchi kuti mawu asamangozungulira. Ngati denga ndi la malata, musadikire dzinja, chifukwa ngakhale mvula yowaza imamveka ngati ng'oma mu vidiyo, ndipo masana a mwezi wa Okutobala malata amathetheka ndi dzuwa. Nthawi yabwino ndi ya m'mawa, zigayo ndi njinga zamoto zisanayambe phokoso, koma mutadzuka kale maola awiri kapena atatu kuti mawu atseguke. Mukamaliza, musatumize vidiyoyo kudzera pa WhatsApp, ngakhale pochoka pa foni kupita pa kompyuta yanu, chifukwa imaifinya n'kuwononga mamvekedwe. Gwiritsani ntchito chingwe, ndipo muikweze pa intaneti mwa njira imene sukuluyo yanena.

Nkhani ya woimba piyano ndi yovutadi. Choyamba lemberani sukuluyo kalata yaifupi yofunsa ngati ikulola kuimba motsatira piyano yojambulidwa kale. Kuyambira nthawi ya mliri wa 2020 sukulu zina zinayamba kulola, zina zinabwerera ku lamulo lakale, ndipo simuyenera kungoganizira. Zikakanika, kumbukirani kuti kuchokera ku Ulónguè, Lilongwe ali pafupi kuposa mzinda wa Tete mukadzera pa chipata cha Calómuè ndi Dedza, ndipo kumeneko odziwa kuwerenga manoti pa piyano amapezeka. Njira ina ndi kubwerera kwa aphunzitsi anu akale ku Escola de Comunicação e Artes ku Maputo. Ulendowo ndi wa makilomita pafupifupi 1,500 kuchokera ku Tete, koma ungakupindulireni pawiri, chifukwa aphunzitsi omwewo ndi amene adzakulembereni makalata okuchitirani umboni, ndipo ndi bwino akumveni mmene mukuimbira lero, osati mmene ankakudziwirani. Chimene tikukuletsani ndi kujambula ndi kiyibodi yaing'ono ya kutchalitchi ya makiyi 61 yopanda chopondera. Pakasowa piyano yeniyeni, pezani yamagetsi ya makiyi 88.

Mukaitanidwa kukaimba pamaso pawo, kapena pa intaneti maso ndi maso, mudzapatsidwa mphindi zochepa, mwina khumi, mwina makumi awiri. Kawirikawiri nyimbo yoyamba mumasankha ndinu, yotsatira amasankha okha pa mndandanda wanu, choncho musalembepo nyimbo imene mukupemphera kuti asaitchule. Yambani ndi imene mungaimbe bwino ngakhale miyendo ikunjenjemera. Akakudulani pakati musataye mtima, chifukwa nthawi zambiri zimangotanthauza kuti amva zimene amafuna ndipo ena akudikira panja. Mphindi yofunika kwambiri ndi pamene mmodzi wa iwo anena kuti, bwerezani mzere uja koma mofewa, kapena musapumire pamene munapumira paja. Apa akuyesa ngati mumamva malangizo n'kusintha nthawi yomweyo. Wobwereza chimodzimodzi monga poyamba, kapena woyamba kufotokoza chifukwa chimene anaimbira motero, wadzichotsera yekha mwayi, pamene woyesa kusintha, ngakhale zisatuluke bwino kwenikweni, waonetsa kuti ndi wophunzitsika. Pambuyo pake angakupatseni pepala la manoti amene simunawaonepo kuti muimbe pomwepo, angakuyeseni khutu pa piyano, ndipo sukulu zambiri zimakhalanso ndi mayeso olemba a malamulo a nyimbo ndi mbiri yake. Ngati papita zaka chimalizireni licenciatura, yambani lero kuwerenga manoti atsopano kwa mphindi makumi awiri tsiku lililonse.

Posankha sukulu, yang'anani kwambiri mphunzitsi kusiyana ndi dzina la yunivesite, popeza pa mlingo uwu maphunziro enieni amachitika m'chipinda cha anthu awiri. South African College of Music ya pa University of Cape Town, imene inakhazikitsidwa mu 1910, ndi yodziwika pa opera, ndipo Pretty Yende anaphunzira kumeneko. Oimba jazi ochokera kuno ku Mozambique, Jimmy Dludlu ndi Moreira Chonguiça, anadzeranso pa sukulu yomweyo. Ku Portugal kuli Escola Superior de Música de Lisboa, ESMAE ya ku Porto ndi Universidade de Aveiro, kumene chinenero sichingakuvuteni. Pezani dzina la mphunzitsi wa mawu pa sukulu imene mwasankha, mumulembere mwaulemu, mumutumizire nyimbo imodzi, ndipo mufunse ngati angakupatseni phunziro limodzi pa intaneti mayeso asanafike. Ambiri amavomera, ena molipiritsa.

Tiwonjezere mawu amodzi amene simunafunse. Munthu wophunzitsa makalasi odzaza tsiku lonse, m'fumbi la choko, madzulo n'kukaimbira kwaya mawu a soprano, alto ndi besi kuti gulu lililonse ligwire mbali yake, mawu ake amakhala otopa ngakhale iye asazindikire. Milungu ingapo musanajambule, chepetsani zimenezi. Komanso dzifunseni moona mtima ngati luso lanu lalikulu lero lili pa kuimba nokha kapena pa kutsogolera kwaya, chifukwa mestrado ya utsogoleri wa kwaya iliponso, ndipo mayeso ake ndi ena: amakupatsani kwaya yawo kwa mphindi zingapo kuti aone manja anu, khutu lanu ndi mmene mumakonzera cholakwika.

FUNSO: Ine ndinamaliza licenciatura ya uphunzitsi wa mbiri yakale. Ndaimba m'kwaya kuyambira ndili mwana, ndimawerenga solofa bwinobwino, ndipo kiyibodi ndimaimba pongomvera. Kodi angandilandire ku mestrado ya zoimbaimba? Ndine Mayi wa ku Moatize.

YANKHO: Mayi, tikuyankhani mosabisa. Ku mestrado ya kuimba piyano kapena kuimba ndi mawu, panopa sangakulandireni, ndipo chifukwa chake si kuchepa kwa luso. Solofa inathandiza makwaya athu kwa zaka zambiri ndipo imanola khutu kuposa mmene ambiri amaganizira, koma maphunziro a ku yunivesite onse amayenda pa manoti a mizere isanu, ndipo pa mayeso adzakuikirani pepala lotere patsogolo. Ubwino wake ndi wakuti wodziwa solofa saona vuto lalikulu kuwoloka, popeza kutalikirana kwa manoti ali nako kale m'mutu, chatsala ndi kuzolowera maso. Njira yodziwika ndi kulemba mayeso a magiredi, monga a mabungwe a ku Britain a ABRSM kapena Trinity College London, amene amayambira giredi 1 kufika giredi 8, ndipo satifiketi zake zimadziwika m'mayiko ambiri. Dziwani kuti giredi 8 ndi mlingo umene ambiri amalowera nawo digiri yoyamba, osati yachiwiri, choncho ulendowu ndi wa zaka.

Koma pali khomo lina limene digiri yanu ikulozera. Maphunziro ofufuza nyimbo za makolo ndi chikhalidwe cha eni ake amalandira nthawi zina anthu ochokera ku mbiri yakale kapena ku maphunziro a chikhalidwe cha anthu, ndipo kumeneko chimene amayesa kwambiri ndi pepala lofotokoza kafukufuku amene mukufuna kuchita, pamodzi ndi kucheza nanu. Angakupempheni kuti muyambe mwaphunzira maphunziro ena oonjezera a nyimbo. Chigawo chathu chili ndi zambiri zoyenera kufufuzidwa. Andrew Tracey analemba za gule wa zitoliro zotchedwa nyanga wa Anyungwe a kuno ku Tete mu 1971, ndipo International Library of African Music, imene bambo ake Hugh Tracey anayambitsa mu 1954 ndipo pano ili pa Rhodes University ku Makhanda, ikusunga nyimbo zambiri zojambulidwa m'dera lino la Afrika. Munthu wodziwa chinenero, wokhala pakati pa eni nyimbo, wotha kufunsa agogo mwaulemu wake, ali ndi chimene wofufuza wochokera kutali alibe. Pepala lanu likhale ndi funso limodzi lopapatiza, mwachitsanzo mmene nyimbo za pamtondo zasinthira m'mudzi umodzi chibwerereni zigayo, osati mutu waukulu ngati nyimbo za Achewa zonse.

FUNSO: Ndine mnyamata wa ku Furancungo m'boma la Macanga, ndili ndi licenciatura ya zoimbaimba, koma chida changa chenicheni ndi ng'oma. Ndinakulira pa mbalule. Ndamva kuti ku South Africa kuli maphunziro a nyimbo za Chiafrika. Kodi ndingakayesedwe ndi ng'oma za Gule Wamkulu? Ndine Wang'oma, Macanga.

YANKHO: Achimwene, mwamva zoona. University of Cape Town ndi University of KwaZulu-Natal ku Durban zili ndi maphunziro a nyimbo za Chiafrika, ndipo aphunzitsi ake Gule Wamkulu amamudziwa, makamaka chiyambire 2005 pamene UNESCO inamulengeza kukhala chuma cha anthu onse m'dzina la Malawi, Mozambique ndi Zambia, chaka chomwecho chimene inalengezanso timbila, mangolongondo a Achopi. Koma pali zinthu zitatu zoti muziganizire, ndipo choyamba ndi cholemera kuposa zinazo.

Inu mukudziwa kuposa ife kuti pali zimene zimaimbidwa pabwalo anthu onse akuona, ndi zimene zimathera kudambwe. Musananyamule chilichonse kupita nacho kwa alendo, kapena kuchiika mu vidiyo imene simudziwa kuti idzafika kuti, khalani pansi ndi mfumu ya mzinda ndi akuluakulu a dambwe, muwafotokozere cholinga chanu, ndipo iwo akuuzeni malire. Musaope kuti kubisa zina kudzakuchepetsani pamaso pa oyesa. Mayunivesite ali ndi makomiti oona kuti kafukufuku asalakwire eni chikhalidwe, ndipo wophunzira amene anena kuti nyimbo iyi ndaloledwa kuiimba, koma tanthauzo lake lina sindingalifotokoze pano, amaonedwa kuti ndi wokhwima nzeru. Wofulumira kuulula zonse kuti asangalatse alendo amadzetsa mafunso.

Chachiwiri, mbalule siimba yokha. Kukoma kwake kumaoneka pamene ikuyankhana ndi mpanje, gunda, kuwomba m'manja kwa amayi ndi mapazi a wovina, ndipo mukaiimba nokha m'chipinda chopanda kanthu, oyesa sangamve chimene mukudula kapena chimene mukutsatira. Mu vidiyo, jambulani ndi gulu lanu lonse, kamera ikuonetsa bwino manja anu, ndipo munene poyamba kuti inu ndi uti. Pokayesedwa maso ndi maso, funsani ngati angakupatseni ophunzira awo awiri kapena atatu kuti muwaphunzitse pomwepo mbali za ng'oma zinazo. Kuphunzitsa mlendo kugunda kwa mpanje m'mphindi zitatu n'kuimba naye ndi umboni wamphamvu wakuti nyimbo zanu mumazimvetsa. Onetsaninso kuti simuli pa chida chimodzi: ngati mumatha kaligo, bangwe kapena kalimba, kapena mumatha kutsogolera nyimbo ndi mawu, ziikeni pa mndandanda.

Chachitatu ndi chaching'ono koma chagwetsapo anthu. Ng'oma yathu timaikunga poiwamba pa moto wa udzu, ndipo m'nyumba ya yunivesite simudzaloledwa kusonkha moto. Chikopa chimene chimalira bwino ku Macanga m'chilimwe chimalefuka mu mpweya wa chinyontho wa m'mbali mwa nyanja ku Durban kapena ku Cape Town. Yeserani kunyumba kuikunga ndi choumitsira tsitsi chamagetsi kapena mbaula yamagetsi, mudziwe mphindi zimene imatenga ndi nthawi imene imakhala isanalefukenso, ndipo mutenge phula lapadera la pakati pa ng'oma. Funsaninso a ndege ndi a pachipata za malamulo olowetsera zinthu za chikopa cha nyama musanagule tikiti.

FUNSO: Mwana wa mlongo wanga akuti akufuna kukayesedwa ku sukulu ya nyimbo kunja, ndipo udindo wa ndalama uli pa ine monga malume ake. Wina watiuza kuti titamupatsa ndalama atha kumupezera malo popanda mayeso. Tichite bwanji? Ndine Malume, Tsangano.

YANKHO: Bambo, munthu ameneyo musamupatse ngakhale metical imodzi. Malo a maphunziro a kuimba amaperekedwa ndi aphunzitsi amene amumva wophunzirayo ndi makutu awo, ndipo ndalama zolembetsera zimalipiridwa ku akaunti ya yunivesite, osati ku nambala ya foni ya munthu.

Ndalama zanu zipite ku mapepala, chifukwa ambiri amalephera pamenepa asanaimbe n'komwe. Pafunika pasipoti, satifiketi ya licenciatura ndi pepala la mamakisi a maphunziro onse, zotsimikizidwa ndi zidindo zoyenera. Ngati akupita ku South Africa, mapepalawo amasuliridwe m'Chingerezi ndi womasulira wolumbira, kenako atumizidwe ku SAQA, bungwe limene limayeza digiri zakunja, ndipo ntchito imeneyi imatenga milungu yambiri. Zotsatira zake zingachititse kuti yunivesite imuuze kuyamba ndi chaka choonjezera chotchedwa honours asanalowe digiri yachiwiri, choncho muwerengere chaka chimenecho. Adzafunikanso mayeso a Chingerezi monga IELTS. Chotonthoza ndi chakuti, potsatira pangano la maphunziro la mayiko a SADC la 1997, ophunzira ochokera ku Mozambique amalipira fizi yofanana ndi ya eni dziko m'mayunivesite a boma ku South Africa, ngakhale pamakhala kandalama kena koonjezera ka ophunzira akunja. Chaka cha maphunziro kumeneko chimayamba mu Febuluwale ndipo kulembetsa kumatsekedwa chaka cham'mbuyo, pamene ku Portugal chimayamba mu Seputembala.

Za thandizo la ndalama, mphwanuyo azitsata zolengeza za Instituto de Bolsas de Estudo ya boma lathu, za bungwe la Camões la ku Portugal, ndi za pulogalamu ya PEC-PG ya ku Brazil, imene imathandiza ophunzira a digiri zapamwamba ochokera m'mayiko ngati lathu. Masiku otsekera mapempho a thandizoli sayendera limodzi ndi masiku a mayeso a kuimba, ndipo ena amafuna kalata yosonyeza kuti yunivesite yamulandira kale, choncho alembe masiku onsewo pa pepala limodzi, inunso mukhale ndi lanu, ndipo tikiti ya ndege igulidwe pokhapokha kalata yomuitana ku mayeso itafika kuchokera ku adiresi ya yunivesiteyo.